ARTHUR WHARTON: MWANA WA KU GOLD COAST AMENE ANAGWIRA NCHITO YA MPIRA KU ENGLAND

Awerengi athu ambiri, a ku mapulazi a fodya a ku Mvurwi ndi a m'makomboni a ku Harare ndi Bulawayo omwe, adziwa bwino maina a anyamata a ku Africa amene amamuka ku England kukasewera mpira wa miyendo ndi kulandirako malipiro akuru. Koma ali owerengeka amene anamvapo dzina la munthu amene anatsogola pa njira imeneyi. Munthuyu ndiye Arthur Wharton, amene anabadwa m'caka ca 1865 namwalira m'caka ca 1930. Pa masiku a mphamvu zace iye anali waliwiro woposa onse m'dziko la England, ndiponso goloboyi wa timu yoopsa koposa ya nthawi imeneyo. Koma anatsiriza moyo wace alikukoka ngolo za malasha mu mgodi, naikidwa m'manda a amphawi opanda cizindikiro ciri conse. Mbiri yace iyenera kuwerengedwa ndi munthu ali yense amene amadya thukuta lace ndi kuyembekeza malipiro pakutha pa mwezi.

Kubadwa Kwace ndi Makolo Ace

Arthur Wharton anabadwa pa 28 October, 1865, ku Jamestown, cigawo ca mzinda wa Accra, m'dziko limene masiku amenewo linali kuchedwa Gold Coast. Dziko lomweli ndilo linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 March, 1957, nilichedwa Ghana. Atate wace, Mbusa Henry Wharton, anali ocokera ku cisumbu ca Grenada ku West Indies, ndipo anadza ku Gold Coast monga mmishoni wa Mpingo wa Methodist. Anagwira nchito ya Mulungu zaka zambiri kufikira anakwezedwa kukhala mkuru woyang'anira mishoni ya Mpingowo m'dzikomo. Amai ace, Annie Florence Grant, anali a banja la cifumu la mtundu wa Afante, ndipo atate wao anali Mzungu wa malonda wa ku Scotland.

Tiyenera kuzindikira apa kuti Wharton sanabadwire mu umphawi ai. Abale a amai ace anali anthu a malonda, a cuma ndi ophunzira, olemekezeka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Gold Coast. Atate wace anamwalira m'caka ca 1873, iye ali mwana wa zaka ngati 8, koma abale sanamtaye. Ali mnyamata anamtumiza kukaphunzira ku London kwa zaka zingapo, ndipo atabwerera kwao, anamtumizanso ku England m'caka ca 1882 kuti akaphunzire nchito ya uphunzitsi ndi ubusa, alowe m'malo mwa atate wace. Anayamba ku Shoal Hill College, ku Cannock, ndipo m'caka ca 1884 anasamukira ku Cleveland College, m'mzinda wa Darlington kumpoto kwa England. Kumeneko ndiko moyo wace unapatukira ku njira yina imene abale ace sanaiganizire.

Liwiro Loposa Onse

Ku Darlington anthu anaona msanga kuti mnyamata wa ku Africa uja anali ndi miyendo yosafanana ndi ya anzace. Anayamba kupambana m'mipikisano ya liwiro ya m'midzi yozungulira, ndipo mbiri yace inabuka. M'mwezi wa July, 1886, anamuka ku London, ku bwalo la Stamford Bridge, kumene bungwe la Amateur Athletic Association linali kucititsa mpikisano wa dziko lonse. Pa mtunda wa mayadi 100, ndiwo mamita ngati 91, Wharton anathamanga masekondi 10 okha, ndipo anatero kawiri pa mpikisano womwewo, poyamba posankha othamanga ndiponso pa liwiro lotsiriza. Nthawi imeneyi inalembedwa m'mabuku monga muyeso umene othamanga ena anayenera kulimbana nao, ndipo panapita zaka zambiri wina asanaupose pa mpikisano umenewo. M'caka ca 1887 anabweranso napambananso pa mtunda womwewo.

Awerengi akumbukire kuti masiku amenewo kunalibe nsapato zopepuka kapena mabwalo osalala monga tiona lero. Akumbukirenso kuti izi zinacitika caka cimodzi cabe utatha msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885, kumene maiko a Azungu anapangana za kagawidwe ka Africa. Inali nthawi imene mabuku ndi nyuzipepala za ku Ulaya zinali kuphunzitsa kuti munthu wakuda ali wocepa pa nzeru ndi pa khama. Pa nthawi yomweyo mwana wa ku Accra anasiya m'mbuyo anyamata osankhika a ku England pamaso pa khamu la anthu a kwao. Ndipo liwiro silinali luso lace lokha, pakuti anali katswiri pa kupalasa njinga ndi pa masewera a kirikiti, amene pambuyo pace anamthandiza kupeza ndarama m'nyengo ya dzuwa pamene mpira unali utaima.

Mpira Usanakhale Nchito

Kuti timvetse bwino moyo wa Wharton, tiyenera kudziwa m'mene mpira unaliri pa masiku ace. Bungwe loyang'anira mpira ku England, la Football Association, linayambika m'caka ca 1863, ndipo atsogoleri ace anali ana a anthu olemera amene anaphunzira m'masukulu akuru. Iwowa anali kunena kuti mpira uli masewera cabe, ndi kuti kulandira ndarama cifukwa ca mpira ndi cinthu conyazitsa. Kunena kotere kunali kwapafupi kwa munthu wosasowa kanthu. Koma kumpoto kwa dzikolo, m'midzi ya mafakitale a nsaru ndi migodi ya malasha, osewera anali anthu a nchito, amene akajomba tsiku limodzi kuti akasewere, malipiro a tsikulo anali kudulidwa. Motero makalabu a kumpoto anayamba kulipira osewera ao mobisa, ena powapatsa nchito yopepuka m'fakitale, ena powapatsa ndarama m'manja.

Mlandu unabuka m'caka ca 1884, pamene kalabu ya Preston North End inacotsedwa m'mpikisano wa cikho ca FA Cup, mtsogoleri wace William Sudell atabvomera poyera kuti anali kulipira osewera ace. Makalabu ambiri a kumpoto anaopseza kuti adzaturuka m'bungwe ndi kuyamba lao-lao. Poona ici akuru a bungwe anagonja, ndipo m'mwezi wa July, 1885, analola kuti munthu akhoza kulembedwa nchito ya mpira ndi kulipidwa. M'caka ca 1888 makalabu 12 anapangana zosewera mwa dongosolo caka conse, nayambitsa Football League. Kotero Wharton anafika pa mpira pa nthawi yeni-yeni imene masewerawa anali kusanduka nchito ya malipiro.

Pagolo pa Darlington ndi Preston

Wharton anayamba kusewerera timu ya Darlington m'caka ca 1885, osalandira malipiro. Cidabwitsa nkuti munthu waliwiro lotere anamuika pagolo, ngakhale kuti masiku ena anali kumseweretsanso kutsogolo ca kumbali. Koma ugoloboyi wa masiku amenewo sunali wofanana ndi wa lero. Goloboyi anali ndi ufulu wogwira mpira ndi manja pali ponse m'cigawo ca timu yace kufikira pakati pa bwalo, ndipo lamulo limeneli linasinthidwa m'caka ca 1912. Adani anali kuloledwa kumgunda ndi mapewa ndi kumkankhira m'golo pamodzi ndi mpira womwe. Maukonde a kumbuyo kwa golo ndi lamulo la penate zinadza ca m'ma 1891. Inali nchito yofuna munthu wolimba mtima, wa nkhonya yamphamvu ndi wocenjera pozemba.

Amene anamuona alikusewera anasimba kuti Wharton anali ndi macitidwe ace-ace. Kawiri-kawiri anali kunjuta pafupi ndi mtengo wa golo monga munthu wosasamala kanthu, ndipo mpira ukayandikira anali kubuka ngati nyalugwe ndi kuumenya ndi nkhonya kuti ukagwe kutali. Wina amene anamuona anakumbukira atakalamba kuti tsiku lina Wharton analumpha nagwira mtanda wa pamwamba pa golo, napana mpira ndi miyendo yace, ndipo adani atatu amene anadza kudzamgunda anagwera m'golo opanda kanthu. Anthu oonerera anali kukondwa nazo izi, koma olemba nyuzipepala ena anali kunena kuti ndi matama. Ena a iwo anali kumchula maina onyoza khungu lace, namamfanizira ndi zinthu zosayenera kulembedwa pa tsamba lino.

Akuru a Preston North End anamva mbiri yace namuitana kuti awasungire golo pa masewera a FA Cup a nyengo ya 1886 ndi 1887. Timu imeneyi ndiyo inali yoopsa koposa m'dziko lonse, ndipo m'mwezi wa October, 1887, inagonjetsa timu ya Hyde ndi zigoli 26 kwa 0. Ali pagolo Wharton, Preston inafika pa masewera acibwereza asanafike otsiriza, kumene inagonja kwa West Bromwich Albion ndi zigoli 3 kwa 1. Olemba nkhani ena a kumpoto ananena kuti iye anayenera kusankhidwa m'timu ya dziko la England, koma osankha sanamuyang'ane konse. Panapita zaka 91 kucokera pamenepo kufikira m'caka ca 1978, pamene Viv Anderson anakhala munthu wakuda woyamba kusewerera timu yaikuru ya England.

Kuthamangira Ndarama ku Sheffield

M'caka ca 1888 Wharton anacoka ku Preston namuka ku Sheffield kukakhala wothamanga wolipidwa. Pakutero anataya mwai waukuru, pakuti m'nyengo yotsatira, ya 1888 ndi 1889, Preston inatenga ligi yoyamba osagonja ngakhale kamodzi pa masewera 22, nitenganso FA Cup osagoletsedwa cigoli ciri conse. Dzina la Wharton mulibe m'gulu la ngwazi zimenezo.

Koma sitiyenera kufulumira kumweruza. Masiku amenewo liwiro linali ndi ndarama zambiri kuposa mpira. Ku Sheffield anthu zikwi-zikwi anali kusonkhana kudzaonerera mipikisano ndi kubecha ndarama zao pa othamanga. Dongosolo lace linali lakuti wothamanga wodziwika anali kuyambira m'mbuyo, ndipo ocepa mphamvu anali kupatsidwa mayadi angapo patsogolo. M'mwezi wa September, 1888, Wharton anapambana mpikisano waukuru wa Sheffield Handicap. Bvuto la nchito imeneyi linali lakuti wothamanga sanali mwini wa miyendo yace. Kumbuyo kwace kunali anthu a ndarama amene anali kumdyetsa ndi kumsunga, ndipo iwowa ndiwo anali kutenga phindu lalikuru la kubecha. Ndiponso munthu akapambana kamodzi, pa mpikisano wotsatira anali kumbwezera m'mbuyo koposa, kotero kuti kupambana kwa lero kunali kucepetsa mwai wa mawa.

Nchito ya Mpira ku Rotherham ndi Sheffield United

M'caka ca 1889 Wharton analembedwa nchito ya mpira ndi kalabu ya Rotherham Town, ndipo ici ndico cimene akumbukiridwa naco koposa, pakuti ambiri amamuyesa munthu wakuda woyamba kukhala wosewera mpira wolipidwa. Kunena zoona, iye sanali wakuda woyamba kuchuka pa mpira ku Britain. Andrew Watson, wobadwira ku British Guiana, anasewerera timu ya dziko la Scotland m'caka ca 1881, ndipo ofufuza mbiri ena amati iyenso analandirapo ndarama pamene anali ku kalabu ya Bootle m'caka ca 1887. Koma Wharton ndiye amene analembedwa poyera, nakhala pa nchitoyi zaka zoposa 12.

Ku Rotherham anakwatira Emma Lister, mkazi wa m'mzinda womwewo, m'caka ca 1890. Timu yace inapambana Midland League kawiri motsatana, ndipo m'caka ca 1893 inalandiridwa m'gawo laciwiri la Football League. Popeza malipiro a mpira anali osakwanira kusunga banja caka conse, Wharton anali kuyang'aniranso nyumba zogulitsiramo mowa, monga Albert Tavern ndi Plough Inn. Cimeneci cinali cizolowezi ca masiku amenewo: wosewera wochuka anali kupatsidwa nyumba ya mowa kuti dzina lace likope anthu odzamwa. Zinali kuoneka ngati mphatso, koma kwa osewera ambiri unali msampha, cifukwa munthu amene akhala pakati pa mowa usana ndi usiku, ndi abwenzi omgulira cifukwa ca kuchuka kwace, sacedwa kugwa m'cizolowezi ca kumwa. Olemba mbiri yace amati Wharton nayenso anagwa m'bvuto limeneli m'zaka zace za pambuyo.

M'zaka zomwezo anayesa kubwerera kwao. Analemba kalata yopempha nchito m'Boma la Gold Coast, koma pempho lace linakanidwa. Munthu amene anacoka kwao monga mwana wa mbusa wophunzira, tsopano anali kuyesedwa wa masewera a anthu wamba, wosayenera mpando wa mu ofesi. Motero khomo la kwao linatsekeka, ndipo anakhala ku England kufikira imfa yace.

M'caka ca 1894 kalabu ya Sheffield United, ya m'gawo loyamba, inamtenga. Koma caka comweco kalabuyo inalembanso goloboyi wina wacinyamata, wa zaka 20, dzina lace William Foulke, cimphona ca munthu amene pambuyo pace anasewerera England nathandiza Sheffield United kutenga ligi m'caka ca 1898 ndi FA Cup m'zaka za 1899 ndi 1902. Wharton, amene tsopano anali kuyandikira zaka 30, anakhala wodikira pambali. Anasewera masewera a ligi amodzi okha, olimbana ndi Sunderland m'mwezi wa February, 1895, koma ndi masewera amenewo anakhala munthu woyamba wa mwazi wa Africa kusewera m'gawo loyamba la Football League.

Kutsika kwa Dzuwa

Kucokera pamenepo ulendo wace unali wotsetsereka. Anabwerera ku Rotherham Town, koma kalabuyo inagwa cifukwa ca kusowa ndarama m'caka ca 1896. Anamuka ku Stalybridge Rovers, napitirira ku Ashton North End m'caka ca 1897, ndipo nayonso inatha m'caka ca 1899. M'matimu awiri omwewa munasewerako mnyamata wina dzina lace Herbert Chapman, amene pambuyo pace anakhala mtsogoleri wochuka wa Huddersfield Town ndi Arsenal. Wharton anabwereranso ku Stalybridge, ndipo anatsiriza ndi Stockport County, ya m'gawo laciwiri, m'nyengo ya 1901 ndi 1902. Anasiya mpira ali ndi zaka 36.

Apa tiyenera kufunsa kuti, kodi munthu wochuka cotere analekeranji kusunga cuma? Yankho liri m'malamulo a nchitoyo. Kuyambira m'caka ca 1893 eni makalabu anapangana kuti wosewera akalembedwa ndi kalabu imodzi ya ligi, sangathe kusamukira ku yina popanda cilolezo ca mabwana ace, ngakhale pangano lace litatha. M'caka ca 1901 anaikanso lamulo lakuti wosewera ali yense asalandire zoposa mapaundi 4 pa sabata, ndipo ambiri, makamaka a m'makalabu ang'ono monga a Wharton, sanali kufika ngakhale pamenepo. Kunalibe penshoni. Munthu akathyoka mwendo kapena akakalamba, nchito inali kutha pomwepo. Bungwe la osewera limene linakhalitsa linayambika m'caka ca 1907, Wharton atasiya kale mpira. Lamulo la malire a malipiro linathetsedwa m'caka ca 1961, ndipo lomanga wosewera ku kalabu imodzi linagwedezeka m'caka ca 1963, pamene George Eastham anapambana mlandu wace ku bwalo lalikuru la milandu. Zonsezi zinadza mocedwa kwa anthu a mbadwo wa Wharton.

Mu Mgodi wa Malasha

Atasiya mpira anapitiriza kusewera kirikiti m'matimu a m'midzi ndi kugwira nchito zina ndi zina. Potsiriza anakhazikika ku Edlington, pafupi ndi Doncaster, nalembedwa nchito pa mgodi wa malasha wa Yorkshire Main, kumene anagwira zaka ngati 15. Nchito yace inali yoyendetsa ngolo za malasha m'njira za mgodi, kuzikoka, kuzikankha ndi kuzilumikiza. Inali nchito yolemetsa, yoopsa ndi ya malipiro ocepa kuposa a okumba malasha eni ace. Awerengi athu amene anagwirako ku Hwange, ku migodi ya kuromu ya ku Mutorashanga kapena ku Joni adziwa okha kulemera kwa ngolo yodzaza, ndi m'mene msana wa munthu wa zaka zoposa 50 umamvera pakutha pa tsiku.

Wharton analowa m'bungwe la anchito a m'migodi, ndipo anali pamodzi ndi anzace pa sitalaka yaikuru ya 1926. Caka cimeneco eni migodi anafuna kucepetsa malipiro ndi kuonjezera maora a nchito. Anchito a m'migodi anakana, ndipo m'mwezi wa May anchito a njanji, a pa madoko ndi a m'mafakitale m'dziko lonse anaima nao pamodzi kwa masiku 9. Enawo atabwerera ku nchito, a m'migodi anapirira okha kufikira m'mwezi wa November, pamene njala inawagonjetsa, nabwerera pa malipiro ocepa ndi maora ocuruka. Mwana wa banja la cifumu la Afante anamva njala imeneyo pamodzi ndi Azungu osauka a ku Yorkshire, ali ndi zaka 60.

Imfa Yace

M'zaka zace zotsiriza anadwala nthenda ya khansa pamodzi ndi matenda ena. Anamwalira m'mwezi wa December, 1930, ali ndi zaka 65, m'nyumba yosungiramo odwala osauka ya Springwell House, ku Balby, m'mzinda wa Doncaster. Anamuika m'manda a ku Edlington, ndipo popeza panalibe ndarama, pa manda ace sipanaikidwe mwala kapena dzina. Anagona comweco zaka 67, ndipo mabuku ambiri a mbiri ya mpira analembedwa osamchula konse.

Dzina lace linadzukanso cifukwa ca khama la anthu owerengeka. Bungwe lina la ku Sheffield lolimbana ndi tsankho pa mpira, la Football Unites, Racism Divides, linasonkhetsa ndarama, ndipo m'caka ca 1997 linaika mwala pa manda ace. M'caka ca 1998 Phil Vasili anasindikiza buku la moyo wace. M'caka ca 2003 dzina lace linalembedwa m'gulu la ngwazi za mpira la English Football Hall of Fame, ndipo m'mwezi wa October, 2014, cifanizo cace cacikuru cinaimikidwa ku St George's Park, kumene matimu a dziko la England amakonzekera masewera ao. Dziko limene silinamsankhe ali moyo linamuimika pa khomo pace atafa.

Amene Anadza Pambuyo Pace

Njira imene Wharton anatsegula inakhala yopapatiza zaka zambiri. Steve Mokone wa ku South Africa anafika ku Coventry City m'zaka za m'ma 1950. Albert Johanneson, wa ku South Africa yemweyo, analowa Leeds United m'caka ca 1961, nasewera masewera otsiriza a FA Cup m'caka ca 1965, koma iyenso anamwalira ali yekha ndi wosauka ku Leeds m'caka ca 1995. Freddie Mwila ndi Emment Kapengwe a ku Zambia anafika ku Aston Villa m'caka ca 1969. Peter Ndlovu wa ku Bulawayo anamuka ku Coventry City m'caka ca 1991. Ndipo Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo a ku Malawi, anasewerera Portsmouth kuyambira m'caka ca 2006 ndi Manchester City kuyambira m'caka ca 2008. Ameneyu ali mwana wa anthu athu eni-eni, a mtundu uja umene unaoloka Zambezi kudzafuna nchito kumwera.

Mau kwa Anchito

Anthu a ku Mvurwi, kumene kale kunali kuchedwa Umvukwes, sadzaona cacilendo m'mbiri imeneyi. Makolo ambiri a m'mapulazi a kumeneko anacokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, ena pa miyendo, ena pa magalimoto a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi. Anacoka kwao ali anyamata amphamvu, ali ndi maganizo akuti adzabwerera patapita zaka ziwiri kapena zitatu ndi njinga, bulangete ndi ndarama za msonkho. Anagwira nchito ya tikiti ndi phoso, nabzala, nathyola ndi kuoca fodya amene analemeretsa ena. Ambiri sanabwerere, nachedwa machona, ndipo anaikidwa m'manda a kuseri kwa komboni, opanda mwala, monga Wharton. Pamene mapulazi anasintha eni ace kuyambira m'caka ca 2000, ana ndi adzukulu ao ambiri anataya nchito ndi nyumba pa nthawi imodzi, alibe munda kuno, alibenso mudzi woudziwa kwao kwa makolo.

Ena powerenga adzati Wharton anadzipha yekha ndi mowa, ndipo nzoona kuti mowa sunamthandize. Koma tikanena comweco cokha tidzakhala titabisa mbali yaikuru ya mlandu. Munthuyu anagwira nchito kuyambira unyamata wace kufikira ukalamba, sanali waulesi, ndipo anthu zikwi-zikwi analipira pa cipata kudzamuona. Cimene cinasowa ndico pangano lomteteza mphamvu zikatha. Osewera a ku England anapeza malipiro oyenera ndi penshoni pamene anagwirizana m'bungwe lao ndi kulimbika zaka zambiri, osati cifukwa ca cifundo ca eni makalabu. Makolo athu a m'migodi ndi m'matauni anazindikira nzeru yomweyi pamene anayambitsa masosaiti a maliro, kuti mlendo akafera kutali ndi kwao asaikidwe ngati wopanda abale.

Tsono kwa mnyamata amene acita bwino pa bwalo la mpira la pa pulazi kapena la m'tauni, ndi kwa wa nchito ali yense amene miyendo ndi manja ace ziri zolimba lero, tinena kuti: werengani bwino pangano musanalembepo dzina lanu, funsani za penshoni tsiku lomwe mulembedwa nchito, lowani m'bungwe la anchito anzanu ndi m'sosaiti ya maliro, sungani kanthu pa mwezi uli wonse ngakhale kacepe, ndipo musaleke kulemba makalata kwanu. Akuru anati cakudza siciimba ng'oma. Arthur Wharton anathamanga mayadi 100 pa masekondi 10 ali ndi zaka 20, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina 44 pambuyo pa tsiku limenelo.